Anadzawerenga mjigo wathu, za madzi sanafunse

Anaphiri a ku Songani:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pali kankhani kandikhala pamtima kuyambira Lachiwiri, ndiye ndati ndikatule pano odziwa andithandize. Kunafika mnyamata wina pa njinga yamoto, atavala kajasi ka bungwe, foni yaikulu ili m'manja. Waulemu ndithu, mpando anakana n'kukhala nafe pamkeka. Akuti akuchita kafukufuku wa madzi ndi zimbudzi. Funso loyamba, amayi madzi akumwa mumatunga kuti? Ine n'kuti pamjigo. Wadina. Uli kutali bwanji? Ine n'kuloza, si uwo patsinde pa mango. Wadinanso, wapita kukaujambula, watsanzika.

Fumbi la njinga litatha m'pamene ndinazindikira kuti ndanena zoona zabodza. Mjigowo ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri usakutulutsa ngakhale dontho. Tikutunga pachitsime cha kudambo, pomwe mbuzi nazo zimamwa. Iye sanafunse ngati ukugwira ntchito, inenso sindinanene, poti munthu umayankha chimene wafunsidwa. Ndiye kwawoko mudzi wathu walembedwa kuti uli ndi madzi abwino. Tandiuzani, amene amachita kalondolondo woti ife tili ndi madzi ndi ndani, ndipo amawerenga chiyani, chitsulo kapena madzi?

Achimwene a ku Joni:
Kikiki Anaphiri, mwagulitsa mudzi wonse ndi liwu limodzi. Mjigo wajambulidwa, ndiye kuti mwamwa basi.

Adimini:
Nkhani ndi yabwino, koma tikumbutsane. Dzina la bungwe, la ofesi kapena la munthu amene mukumudandaula lisatuluke pano. Chaka chatha zinatiotcha manja. Pitirizani.

Bambo a Yamikani, okonza mijigo ku Mayaka:
Achemwali, musanalowe m'zamalamulozo ndifunseko za chitsulocho. Chogwirira chikupepuka kotheratu, kapena chikulemerako koma madzi osafika? Mijigo yambiri kuno ndi ya mtundu wa Afridev. Chikapepuka kotheratu, kawirikawiri ndodo yaduka kapena yamasuka pansi. Chikamalemerako koma n'kumafuna kupopa kambirimbiri madzi asanatuluke, ndiye marabala atha kapena paipi yang'ambika. Rabala ndi kanthu kokwana m'dzanja. Ndakonzapo mijigo yomwe inagona miyezi inayi chifukwa cha kamphira koti mtengo wake sufika pa nkhuku.

Anaphiri a ku Songani:
Chikupepuka kotheratu bambo. Mwana wa zaka zisanu akuchikweza ndi chala.

Bambo a Yamikani, okonza mijigo ku Mayaka:
Ndodo imeneyo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Tsono pa funso lanu lija, m'mabuku mjigo ndi mjigo. Muyeso wa boma umati mjigo umodzi ukhale wa anthu 250, ndipo munthu asayende kupitirira mamita 500 kuti aupeze. Ena akafuna kudziwa mmene dera lilili amangotenga chiwerengero cha mijigo n'kuchulukitsa ndi 250. Wakufa ndi wamoyo onse amalowa m'samu imodzi.

Mphatso wa ku Ndola:
Ndiloleni ndimuikire kumbuyo mnyamatayo pang'ono, poti ntchito yoyenda ndi mafomu ndinaigwirapo kawiri. Pa dziko lonse amene amasonkhanitsa ziwerengero za madzi ndi ukhondo ndi WHO ndi UNICEF, pansi pa pulogalamu yawo ya JMP. Iwowo sayenda m'midzi. Amadalira kwambiri kalembera ndi kafukufuku wa m'makomo, monga amene amachita a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Madzi amawaika pa makwerero. Pansi penipeni pali omwa mumtsinje ndi m'nyanja. Pamwamba pawo pali a chitsime chosatetezedwa. Kenako a mjigo kapena mpope koma woti kupita, kudikira pamzere ndi kubwerera zimapitirira mphindi 30. Kenako a mjigo kapena mpope wosapitirira mphindi 30 zija. Pamwamba penipeni ndi pamene madzi ali pakhomo pako, akupezeka nthawi imene ukuwafuna, ndipo alibe tizilombo ta m'chimbudzi kapena mankhwala oipa. Ndiye amayi Anaphiri, papepala muli pa sitepe yachinayi, koma ndowa yanu ili pa yachiwiri.

Fomu yolembedwa bwino imakhala ndi funso loti m'mwezi wapitawu panali nthawi imene pakhomo panu munasowa madzi akumwa okwanira? Likanafunsidwa bwenzi zonse zitatulukira. Koma ndinene chilungamo, ukakhala ndi makomo ambiri oti uwamalize dzuwa lisanalowe, foni ikutha moto, mafunso ena umangowayankha wekha ndi maso. Ndinachitapo, sindikunyadira.

Anaphiri a ku Songani:
Ayi mwanawe, sindikumuda mnyamatayo. Ndikudzida ndekha kuti pakamwa panali panga.

Tadala, wophunzira zamalamulo ku Chirunga:
Amayi musadzide, koma dziwani kuti zimene mukufunsazo zili ndi msana wa lamulo. Pa 28 Julayi 2010 Msonkhano Waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino akumwa ndi ukhondo ndi ufulu wachibadwidwe. Mayiko 122 anavota inde, wokana panalibe, 41 anangokhala osavota. Kumbuyoko mu 2002 komiti ya bungwe lomwelo yoona za maufulu a zachuma ndi chikhalidwe inali itafotokoza kale tanthauzo lake, ndipo mu 2015 Msonkhano Waukulu uja unadzanenetsa kuti ufulu wa chimbudzi ndi woima pawokha, si mchira wa ufulu wa madzi. Mukawerenga mafotokozedwewo, mawu oti mjigo si amene ali patsogolo. Chimene chili patsogolo ndi munthu: kodi madzi akumukwanira ndipo sadukiza, kodi ndi osadwalitsa, kodi akuwafikira popanda kuyenda mtunda kapena kuopa panjira, kodi mtengo wake akuutha, kodi mtundu, fungo ndi kakomedwe kake n'zoti munthu angamwe. Ziwerengero zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi malita 50 mpaka 100 pa munthu pa tsiku, potunga pasapitirire kilomita imodzi, ndipo ndalama ya madzi isadye kuposa K3 pa K100 iliyonse imene banja lapeza.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye ngati ndi ufulu bwanji tikulipira? Kuno ku South Africa nkhani ya madzi inalembedwa m'malamulo aakulu a dziko, gawo 27, ndipo pali ndondomeko yoti banja losauka lizilandira malita 6,000 aulere pa mwezi. Ngakhale zili choncho, mbali zina za Johannesburg mipope imauma masiku angapo anthu n'kumathamangira magalimoto a madzi. Ndiye pepala lokha ine sindiligomera.

Tadala, wophunzira zamalamulo ku Chirunga:
Achimwene, ufuluwu sunena kuti madzi akhale aulere. Umanena kuti mtengo usamuchotse munthu pamzere, ndiponso kuti wosauka asadulidwe madzi n'kusiyidwa opanda kolowera. Kwathu kuno malamulo aakulu a 1994 satchula madzi mwachindunji pa mndandanda wa maufulu, koma gawo 30 limakamba za ufulu wa chitukuko, kuti anthu onse akhale ndi mwayi wofanana pa zinthu zofunika pamoyo. Boma silikakamizidwa kumaliza zonse mawa, koma likuyenera kumasuntha chaka ndi chaka, osabwerera m'mbuyo, osasankha. Nanga tingadziwe bwanji kuti likusuntha ngati kawerengedwe kake ndi kameneka ka Anaphiri?

Abiti Saidi a ku Chikanda:
Mwana wanga Tadala, bwera ndi K3 yakoyo tiwerengere limodzi. Pakhomo panga tilipo asanu ndi mmodzi. Malita 50 aliyense ndi malita 300, ndiye zigubu 15 za malita 20. Pa puloti yathu mpope palibe. Kiyosiki ikatsekedwa timagula kwa aneba a mpanda wa njerwa, K100 chigubu. Zigubu 15 ndi K1,500 pa tsiku, pa mwezi K45,000. Kuti imeneyo ikhale K3 pa K100, ndiye kuti ine wogulitsa mandasi ndizipeza K1,500,000 pa mwezi. Ndiye chimene timachita n'chiyani? Timagula zigubu zinayi zakumwa ndi zophikira, zochapa ndi zosamba timatsikira ku Likangala. Wa fomu akabwera ndidzati ndimamwa madzi a pampope, ndipo sindidzakhala ndanama.

Mphatso wa ku Ndola:
Apa ndiye mwagunda pachilonda. Makwerero aja mtengo sauona. Wolipira K45,000 ndi wolipira K5,000 amaima pa sitepe imodzi.

Aphunzitsi opuma a ku Matawale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ana inu mwina simudziwa kuti madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera m'mapiri kupita kumidzi, amene anatchukitsa dziko lino kunja, anayambira m'boma lathu lino, ku Chingale, mu 1968. Anthu ankakumba okha ngalande, boma n'kubweretsa mapaipi ndi amisiri. Chimene ndimakumbukira ine si mapaipiwo ayi. Ndi munthu wa njinga yakapalasa amene ankayenda mpope ndi mpope, kutsegula, kuona ngati madzi akutuluka, n'kulemba m'buku. Mpope uliwonse unali ndi komiti yake, ndipo panali timagulu tokonza paipi ikaphulika. Kalondolondo amene mukumukamba lero ngati chinthu chochokera ku maofesi a United Nations ku Geneva tinali naye, ndipo sankafunsa kuti mumatunga kuti. Ankatsegula mpope.

Ndionjezereko china. M'tauni muno timamwa madzi a Mulunguzi, damu lili pamwamba paphiri. Pa kalembera wa 2018 mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 105,000, ndipo sukuchepa. Ndikakwera kupita ku Ku Chawe n'kuona malo amene kale anali nkhalango ya paini ali mbee, moto wolusa utadutsa, ndimadzifunsa kuti amene akuwerenga mipope m'munsi akuwerenganso mitengo kumtunda? Mpope suberekera madzi m'paipi.

Wa Matemba Fresh:
Matemba ouma bwino alipo, ndowa yaing'ono ndi yaikulu, tikuperekera mpaka pakhomo m'tauni monse.

Adimini:
Achimwene, malonda ndi Lachisanu. Ndafufuta chithunzicho.

Che Jafali a ku Kachulu:
Salaam aleikum nonse. Popeza matemba atchulidwa, ndilowe. Inu mukudandaula kuti anakuwerengani molakwika. Ife kunyanja ya Chilwa ambiri sitiwerengedwa n'komwe. Msodzi amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama ta mlulu tija, pakati pa nyanja. Madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo. Wa fomu amapita kumudzi kwa mkazi wake, n'kulemba kuti banja ili lili ndi chimbudzi ndi mjigo. Mwini wake ali pamadzi. Kolera ikabuka ndiye aliyense amatikumbukira. Mu 2016 anabwera ndi katemera wakumwa mpaka pa zimbowera pomwe, ndipo tinathokoza. Koma katemera si chimbudzi.

Za mijigo ya m'mbali mwa nyanja muno ndisachite kunena. Ina imatulutsa madzi amchere. Ukaphikira nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, tiyi amamveka ngati waikamo chidulo. Amayi amatsukira mbale basi, akumwa amakatunga kwina. Chitsulo chili bwinobwino, chikupopa, ndipo m'buku chili ndi chizindikiro chabwino. Chimbudzi nacho ukakumba pang'ono wapeza madzi, mvula ikabwera chagwa.

Bambo a Yamikani, okonza mijigo ku Mayaka:
Che Jafali akunena zoona. Wamchere ine sindingaukonze, si vuto la sipanala. Obowola akamaliza amayenera kuyeza madzi asanapereke mjigo kwa anthu. Mufunse komiti iliyonse ngati ili ndi pepala la zotsatirazo, mudzandiuze.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Jali:
Ndikuwerenga ndili pa sikelo, ndiye ndilemba mothamanga. Pali mbali ina imene ife eni ake sitifuna kuimva. Kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS wa 2019 mpaka 2020 sanangofunsa mafunso, anayezanso madzi kufuna kachilombo ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti m'madzi mwalowa za m'chimbudzi. Ankayeza potungira ndiponso m'kapu ya pakhomo. Anapeza kuti madzi a m'nyumba ndi oipitsidwa kwambiri kuposa a potungira. Kutanthauza kuti pakati pa mjigo ndi pakamwa pali nkhani. Ndowa yosavundikira, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike, kapu imodzi yomwe mwana wamwera n'kuiviikanso mumtsuko. Ndiye tikamati kalondolondo, asathere pa boma pokha.

Mliri wa kolera umene unayambira kwa aneba athu ku Machinga mu Marichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo tinkagawa klorini khomo ndi khomo, mpondagiya anali paliponse, anthu ankasamba m'manja ngakhale pamaliro. Pitani lero mukaone. Kachigubu kali lende pamtengo, dzuwa linakaphwanya kalekale.

Zimbudzi ndiye timawerenga ndife, ndipo ndivomere kuti timawerenga denga. Ndinafikapo pakhomo pena, chimbudzi chokongola, chozira bwino, chivundikiro chili pabowo. Koma kanjira kopita kumeneko kamera udzu, pakhomo pali ukonde wa kangaude. Ndinafunsa mwana, iwe umapita kuti? Analoza kumunda wa nandolo. Chinamangidwa kuti amfumu asalipitse mbuzi. Ine m'buku ndinalemba kuti chilipo, poti bokosi lake ndi la chilipo kapena palibe. Kenako namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagwetsa zimbudzi zambirimbiri, ndipo midzi ina imene inalandira ulemu woti inasiya kuchita chimbudzi patchire inabwerera komweko. Chikwangwani chokha n'chimene chinatsala chili chiimire pamsewu.

Mayi a Pemphero a ku Chinamwali:
Alangizi, pa za denga mwanenazo ndionjezepo za ine. Amayi anga anachita sitiroko chaka chatha, mwendo ndi dzanja lakumanja sizigwira. Pamene tikuchita lendi pali chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu ndi awiri, cholowera chake chili ndi sitepe yofika m'bondo, mkati ndi monjuta. Munthu amene anandilera, amene sankafuna ngakhale ndimuone akusintha nsalu, lero ndimachita kumunyamula, wina atagwira chitseko, anthu ali pamzere panja. Masiku ena amakana kudya madzulo, akuti kuti ndisakuvutitse usiku. Mpaka ndinapita kwa kalipentala kuti aboole mpando, tiziika ndowa pansi m'chipinda. Pa fomu pakhomo pathu pali chimbudzi. Amayi anga alibe.

Anaphiri a ku Songani:
Pepani achemwali. Nkhani yanga yachepa.

Tadala, wophunzira zamalamulo ku Chirunga:
Pepani amayi. Ufulu wa chimbudzi umatchula ulemu wa munthu ndi kubisika, ndipo za anthu aulumali, okalamba ndi atsikana amene ali kumwezi zimayenera kuyang'anidwa mwapadera. Chimbudzi cha mabanja angapo ngakhale JMP sichiwerengera kuti ndi chokwanira, imachiika sitepe yotsikirapo. Koma sitepe ya m'bondoyo palibe fomu ya m'makomo imene ingaione ngati wofunsa sanafunse kuti kodi aliyense pakhomo pano amatha kulowamo. Nthumwi yoyamba yapadera ya United Nations pa nkhani imeneyi, Catarina de Albuquerque wa ku Portugal, ankalimbikira kwambiri mfundo yoti chiwerengero cha dziko lonse chimabisa amene atsalira. Dziko likhoza kukwera pa peresenti pamene a pa zimbowera ndi amayi anu ali pomwe analili.

Nangondo, msungichuma wa komiti ya mjigo:
Ine ndiye ndikhala woipa pagulu pano, palibe kanthu. Nonse mukuloza kumtunda, koma bwerani mudzaone chitini changa. Tinagwirizana K500 pa khomo pa mwezi. Makomo alipo oposa makumi asanu, olipira mokhulupirika sakwana makumi awiri. Ukapita kukatolera, wina akuti madzi ndi a Mulungu, wina akuti mjigo anatipatsa ndi a bungwe, ndipo tsopano mwawapatsa mawu atsopano, azidzati ndi ufulu wanga. Ndalama zikasonkhanako pang'ono kwagwa maliro, akuluakulu abwera, tibwerekeni tigulire nsalu tibweza. Ungakane pamaliro? Sizibwerera. Mjigo ukafa onse amati Nangondo wadya. Ndinagula kope ndi ndalama yanga kuti ndizilemba, palibe ndi mmodzi yemwe anabwerapo kudzaliona.

Abiti Saidi a ku Chikanda:
Anangondo, osakwiya, koma makomiti ena amadyadi. Si inu, koma alipo.

Nangondo, msungichuma wa komiti ya mjigo:
Alipo, sindikana. N'chifukwa chake ndikufuna wina adzaone kope langa. Wosadya ndi wakudya tikufanana chifukwa palibe amene amatsegula buku.

Aphunzitsi opuma a ku Matawale:
Mayi Nangondo anena chinthu chimene chandigwira. Kope lilipo, woliwerenga palibe. Kwa Anaphiri woliwerenga anabwera, kope panalibe. Mlendo ndi mame, amafika tsiku limodzi pa zaka zingapo, ndipo amaona za tsiku limenelo. Amene amadziwa kuti mjigo unafa Lolemba liti ndi mayi amene anabwerera ndi ndowa youma. Bwanji pamjigo uliwonse, pa kiyosiki iliyonse, pakhale kope la sukulu wamba? Tsiku, madzi atuluka kapena ayi, mzere unatenga nthawi yaitali bwanji, chigubu chinali pa mtengo wanji, ngati wina watsegula m'mimba m'mudzi. Kumapeto kwa mwezi liwerengedwe mokweza pamsonkhano pamodzi ndi za m'chitini.

Achimwene a ku Joni:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, alembe ndani popanda alawansi? Kwathuko ngakhale msonkhano wokamba za maliro athu omwe timafunsa ngati kuli fanta.

Anaphiri a ku Songani:
Ndilemba ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikuyenda kale ulendo wa kudambo kawiri pa tsiku opanda alawansi, cholembera sichingandilemere kuposa ndowa.

Mphatso wa ku Ndola:
Kope lotere lili ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Zaka zapitazi mijigo ndi mipope yambiri m'dziko muno inalembedwa pa mapu a pa intaneti a mWater, uliwonse ndi malo ake. Koma mapu amakalamba. Mjigo umene unali wamoyo tsiku lojambulidwa umakhalabe wamoyo pa kompyuta mpaka wina akanene. Chimene chimasowa ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Langizo langa, muzilemba mphindi zenizeni, poyang'ana pa foni ponyamuka ndi pofika. Mukangoti ndi kutali, aliyense amati kwathunso ndi kutali. Mukati mphindi 50, palibe wotsutsa.

Che Jafali a ku Kachulu:
Nanga likadzadza kopelo tipita nalo kuti? Tisangolemba ngati kalata ya kwa malemu.

Tadala, wophunzira zamalamulo ku Chirunga:
Njira ilipo bambo. Poyambira ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kenako ya dera, ADC, mpaka ku khonsolo, kumene kuli ofesi ya zamadzi ndi alangizi ake oyendera mijigo. M'tauni muli makhansala ndi makomiti a mawodi. Chachiwiri, pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, Access to Information Act, la 2017, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mukhoza kulemba kalata kufunsa kuti m'dera lathu mwalemba mijigo ingati, ingati ikugwira ntchito, madzi ake anayezedwa liti, ndipo ndalama zokonzera zinali zingati. Akuyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Amene amayang'anira lamuloli ndi Malawi Human Rights Commission, komwenso mungakadandaule za ufulu wa madzi weniweniwo. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kusayendetsa bwino ntchito za boma. Ndiye mutenge yankho lawo, muike pambali pa kope lanu. Pamene ziwirizo zasiyana m'pamene pali nkhani. Dziko lathu linalonjeza nawo cholinga chachisanu ndi chimodzi pa zolinga za chitukuko za United Nations (SDG), choti pofika 2030 aliyense akhale ndi madzi ndi chimbudzi, ndipo malipoti opita kunja amachokera m'mabuku omwewa.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Jali:
Ndipo musatidumphe ife. Lipoti langa limapita kuchipatala mwezi uliwonse. Mukandionetsa kope loti mudzi wakhala masabata asanu ndi awiri ukumwa kudambo, ndili ndi poyambira kupempha klorini lero lomwe, osadikira kuti wina agonekedwe kaye. Anaphiri, pakadali pano muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard, makamaka a ana.

Abiti Saidi a ku Chikanda:
Ine mantha anga ndi amodzi. Ndikayamba kulemba mitengo ya aneba a mpanda aja, akamva, geti atseka. Ndiye ndikamwa kope?

Mphatso wa ku Ndola:
Musalembe dzina lawo amayi. Lembani masiku amene kiyosiki inali yotseka ndi ndalama imene munawononga tsiku limenelo. Vuto si aneba, vuto ndi kiyosiki yotseka.

Abiti Saidi a ku Chikanda:
Tiona. Sindikulonjeza.

Anaphiri a ku Songani:
Mwadzuka bwanji. Ndabwera ndi lipoti. Dzulo madzulo ndinang'amba masamba a kutsogolo a kope lakale la mdzukulu wanga, la sitandade 5, n'kuyamba. Tsamba loyamba likuti: Lachisanu, mjigo sukutuluka, tsiku la 47. Kudambo kunyamuka 5:10, kufika pakhomo 6:02. Madzi otuwa. Ana awiri kwa aneba akutsegula m'mimba. Kenako ndinapita kwa apampando a komiti. Poyamba nkhope inagwa, akuti mukulemba za ndani, mukufuna kutipereka kwa amfumu? Ndinawaonetsa kuti mulibe dzina la munthu. Atakhazikika anaulula kuti m'thumba muli ndalama yosakwana kuitana mekaniki, ndipo ankachita manyazi kunena. Masabata onsewa ife tikuganiza kuti anakanena kuboma akudikira yankho, iwo akuganiza kuti mnyamata wa njinga uja poti wajambula ndiye kuti thandizo likubwera.

Nangondo, msungichuma wa komiti ya mjigo:
Mwaona? Manyazi a chitini chopanda kanthu ndimawadziwa ine.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino, ndagonja theka. Ya ndodoyo nditumiza ine madzulo ano kudzera kwa Adimini. Koma ilembedwe m'kopemo, ndipo ndidzafuna chithunzi cha tsambalo, osati cha mjigo.

Che Jafali a ku Kachulu:
Ife la pa zimbowera tiziika m'jumbo, apo ayi linyowa tsiku loyamba. Tadala mwana wanga, kalata yofunsa za mijigo yamchere ija undilembere, ndidzasaina ndine.

Tadala, wophunzira zamalamulo ku Chirunga:
Ndilemba ndikatuluka m'kalasi bambo. Munditumizire kumbali mayina a midzi ndi a gulupu ake.

Bambo a Yamikani, okonza mijigo ku Mayaka:
Anaphiri, Songani si dera langa, kuli mnzanga amene amayendera kumeneko, ndamuimbira tibwera limodzi Loweruka m'mawa. Mupeze anyamata anayi amphamvu ozula ndodo, ndi mkeka woyalapo zitsulo zisagunde dothi. Marabala tisinthiratu poti tikhala tatsegula kale.

Anaphiri a ku Songani:
Anyamata alipo, mkeka ulipo. Koma sipanala ya komiti anabwereka wokonza njinga chaka chatha, mubwere ndi yanu.